"Yangozima Yokha": Matenda a Foni ndi Laputopu m'Dziko la Kalindawalo

Nthawi yangopitirira 9 koloko m'mawa pa msika wa pa boma la Petauke, koma dzuwa la Okutobala layamba kale kuluma pakhosi.

M'kantemba kena ka malata, kopapatiza moti anthu awiri sangapatukiranemo, mnyamata waweramira pa thebulo. Kudzanja lamanja wagwira kachitsulo kowotcherera mtovu, kumanzere kamswachi kakale kotha ubweya. Patsogolo pake pali foni yotsegula kumsana, timasikuluwu take waika m'chitsekero cha botolo kuti tisatayike.

Pa benchi ya panja anthu akudikira. Mayi wina wachikulire wamanga foni yake pansonga ya chitenje, malo omwe kale ankamangapo ndalama. Mphunzitsi wafungatira chikwama cha laputopu pachifuwa. Mnyamata wa njinga yamoto walephera n'kukhala pansi komwe, akungoyenda uku ndi uku, chifukwa okwera ake amamupeza pa foni, ndipo foniyo sinayake chiyambire dzulo.

Aliyense akafunsidwa kuti chavuta n'chiyani, yankho ndi limodzi.

"Yangozima yokha."

Mmisiriyo satsutsa. Amalandira foni ya mayi uja ndi manja awiri, n'kufunsa mofatsa: "Ambuya, mumaitchajira kuti?"

Yankho la funso limenelo limamuuza zambiri kuposa zimene angaone atatsegula foniyo.

Petauke ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kum'mawa kwa Lusaka. Wochokera ku likulu amayamba wawoloka mlatho wa Luangwa, n'kukwera mapiri a ku Kacholola, n'kudutsa pa Nyimba pomwe amayi amathamangira mabasi ndi mikoko ya nthochi, asanafike pa mphambano yolowera ku boma la Petauke. Lino ndi dziko la Ansenga, dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kumene chaka chilichonse anthu amasonkhana pa mwambo wa Tuwimba.

M'dziko limeneli foni inasiya kale kukhala chinthu chonyadira.

Mlimi wa mtedza ndi mpendadzuwa amamva mtengo wa mbewu pa foni. Uthenga wa feteleza wa pulogalamu ya FISP umabwera pa foni. Mwana amene ali pa ntchito ku Lusaka kapena ku migodi amatumizira makolo ndalama pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel. Wodwala akagonekedwa pa chipatala cha Kalindawalo General, abale a kwa Mumbi, kwa Mwanjawanthu ndi kwa Nyamphande amamva pa foni. Maliro amalengezedwa pa wailesi ya PASME, inde, koma uthenga umakhala utafika kale pa WhatsApp.

Ndiye foni ikazima, pakhomo pamazima zambiri.

Mafoni ochuluka pa mabenchi a amisiri ndi a itel, Tecno ndi Infinix. Mayina ndi atatu koma mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, imene inaona msanga kuti munthu wa ku Africa amafuna foni yotsika mtengo, yolowa ma simu awiri, ya batire lokhalitsa. Palinso ma Samsung ndi ma iPhone ogwiritsidwapo kale ntchito, ambiri obwera ndi basi kuchokera ku Katondo Street ndi Town Centre mu Lusaka. Ena mwa amenewa afika kuno atadutsa kale m'manja mwa anthu atatu, ndipo sikirini ndi batire si zimene anabadwa nazo.

Koma wakupha mafoni wamkulu kuno si wopanga, si wogulitsa.

Ndi magetsi.

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi opitirira magawo 80 pa 100 alionse a dziko la Zambia amachokera ku madzi, ndipo nyanja ya Kariba inali ikuphwa. Mu Malichi kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Kenaka maola anakwera kufika 12, kenaka 17, mpaka madera ambiri ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Inafika nthawi imene pa makina asanu ndi limodzi a ku Kariba North Bank ankazungulira amodzi okha.

Anthu sanasiye kutchaja. Anangosintha potchajira.

Ena anapita ku jenereta ya pa chigayo kapena ya pa malo ometera. Ena anagula kasola kakang'ono, batire la galimoto ndi invetala yotchipa. Kumidzi ya kutali ndi mawaya a ZESCO izi sizinali zachilendo n'komwe, chifukwa kumeneko kutchajitsa foni pa golosale polipira kandalama ndi moyo wa masiku onse. Pa thabwa limodzi pamakhala mafoni makumi awiri, nthambo zitapiringizana, zonse zikuyamwa pa invetala imodzi yotentha.

Foni imafuna mphamvu yochepa komanso yokhazikika, ma voti 5 pa chaja wamba. Ntchito ya chaja ndi kutsitsa ma voti 230 a pakhoma kuti afike pamenepo popanda kudumphadumpha. Chaja chenicheni chili ndi tizipangizo totchinga mphamvu ikakwera mwadzidzidzi. Chaja chabodza, chija chopepuka kwambiri m'dzanja chogulidwa pa siteshoni ya basi, nthawi zambiri tizipangizo timeneto mulibe. Jenereta ikatsokomola, kapena magetsi akabwera ndi mphamvu pambuyo pozima tsiku lonse, moto umadutsa n'kukawotcha kachipangizo kolandira chaji mkati mwa foni.

Mwini wake amadzuka m'mawa n'kupeza foni ili zii.

Kwa iye yangozima yokha. Kwa mmisiri, inaphedwa usiku magetsi atabwera.

Malangizo amene amisiri amabwereza tsiku lililonse ndi osavuta, ndipo safuna ndalama. Malaiti akapita, zulani zonse pakhoma. Akabwera, musathamangire kulumikiza, dikirani mphindi zingapo akhazikike. Foni isamagone pa chaja pansi pa pilo, pomwe kutentha kulibe kothawira. Chaja chikamatentha moti simungachigwire, kapena sikirini ikamadzidina yokha foni ili pa chaji, chajacho chatha ntchito, chitayeni chisanatenge foni.

Wakupha wachiwiri ndi dzuwa.

Mabatire a mafoni ndi malaputopu a masiku ano ndi a lithium, ndipo mdani wawo wamkulu ndi kutentha. Opanga mafoni ambiri amalemba kuti zipangizo zawo zizigwira ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 35. Tsono pitani ku chigwa cha Luangwa, kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, m'mwezi wa Okutobala, kumene kutentha kumatha kudutsa madigiri 40. Onjezani apo chizolowezi chosiya foni pafupi ndi sola padenga la malata kuti nthambo ifikire. Foni ikupsa ndi dzuwa kunja, ikupsanso ndi chaji mkati.

Batire lotere limayamba kutha msanga, kenaka limatupa.

Batire lotupa limadziwika. Chivundikiro cha kumsana chimadzuka, sikirini imatukuka m'mbali, pa laputopu malo oyendetsera chala amatumphuka. Pali anthu amene amalibaya ndi singano kuti mpweya utuluke. Ena amalikulunga m'pepala n'kuliika m'firiji poganiza kuti libwerera mwakale. Kubaya batire la lithium n'kuitana moto m'nyumba, ndipo nyumba zambiri kumidzi kuno ndi zofolera ndi udzu. Batire lotupa silichira. Lichotsedwe, lisungidwe kutali ndi ana ndi moto, ligulidwe lina.

Fumbi nalo lili ndi mlandu wake, ngakhale ndi waung'ono. Mafoni ambiri obwera ndi dandaulo lakuti sakulandira chaji amapezeka kuti pakamwa polowetsera nthambo padzaza dothi ndi ulusi wa m'thumba. Kamtengo kotokosera m'mano, foni itazimitsidwa, kamathetsa nkhaniyo. Singano ndi phini ayi, chifukwa chitsulo chimathyola timano ta mkati. Mmisiri woona mtima amachotsa fumbilo n'kubweza foni pa mtengo wochepa. Wosaona mtima amati wasintha chipangizo.

Mvula ikayamba mu Novembala, matenda amasintha. Foni yagwa m'ndowa, yanyowa m'thumba pobwera kumunda, yagwera m'dambo.

Apa ndi pamene mpunga umalowa m'nkhani.

Pafupifupi aliyense anamvapo kuti foni yomwa madzi iikidwe mu mpunga usiku wonse. Mphekesera imeneyi si ya ku Petauke kokha, inazungulira dziko lonse lapansi, moti kampani ya Apple inachita kulemba pa malangizo ake kuti anthu asamatero, popeza tizidutswa ta mpunga tingalowe m'foni n'kuiwononga. Mpunga sukoka madzi a mkati kuposa mphepo wamba. Chimene chimapha foni yonyowa ndi changu cha mwini wake: kuiyatsa kuti aone ngati ili moyo, kapena kuiika pa chaji. Madzi akakumana ndi magetsi pa bolodi, nkhani yatha. Yoyenera ndi kuizimitsa nthawi yomweyo, kuchotsa simu ndi batire ngati limachoka, kuiyanika pamthunzi podutsa mphepo, osati pamoto kapena padzuwa, n'kupita nayo kwa mmisiri kuti atsuke bolodi ndi sipiriti dzimbiri lisanayambe.

Pali matenda ena amene si a foni konse.

Munthu amabwera akudandaula kuti foni yake yataya netiweki, mameseji sakupita, ndalama zakakamira panjira. Mmisiri akayang'ana yake, nayonso ilibe. Nsanja za netiweki zimadya magetsi omwewo a ZESCO. Magetsi akazima maola ambiri, mabatire a pa nsanja amatha, ndipo jenereta imafuna dizilo woti wina abwere naye pa msewu wa fumbi. M'chaka cha 2024 makampani a mafoni anavomereza poyera kuti kuzimazima kwa magetsi kukuwononga ntchito yawo. Kumidzi yoyandikana ndi malire a Mozambique kuli vuto linanso: foni imatha kudumphira pa netiweki ya kutsidya, tokotaimu n'kumatha mosadziwika bwino. Mankhwala ake ndi kusankha netiweki pamanja m'malo moisiya kuti izisankha yokha.

Ambiri akukumbukira tsiku la chisankho, pa 12 Ogasiti 2021, pamene WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira ntchito m'dziko lonse la Zambia, mpaka khoti lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe bungwe la Chapter One Foundation litakadandaula. Pasanathe miyezi iwiri, pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinagwa padziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi chifukwa cha vuto la ku kampani komweko. Masiku otere munthu amene sakudziwa amafufuta WhatsApp kuti aikenso, n'kutaya mauthenga ndi zithunzi za zaka zambiri.

Musanaigwire foni, funsani mnansi ngati yake ikugwira.

Tsono pali liwu limene limatchulidwa pa kantemba kalikonse ngati mankhwala a matenda onse: kufulasha.

Foni ikuchedwa? Ifulashidwe. Ikuima yokha? Ifulashidwe. Kufulasha ndi kufufuta zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu yake mwatsopano, ndipo nthawi zina n'kofunikadi. Koma foni zambiri zochedwa sizidwala. Zakhuta. Foni yotsika mtengo ili ngati nkhokwe yaing'ono: ukathiramo chimanga cha minda itatu imayamba kupendama. Malo a 16GB kapena 32GB amadzaza msanga ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, a ku tchalitchi, a ku sukulu, a kopaletivu, a banja, ndipo kanema mmodzi yemweyo amalowa kanayi. Kuletsa WhatsApp kukopera yokha zithunzi ndi mavidiyo, ndi kufufuta zakale, kumaitsitsimutsa foni popanda kulipira ngwee.

Choopsa cha kufulasha chimaonekera pambuyo pake. Foni ya Android ikafufutidwa, poyakanso imafunsa akaunti ya Google imene inalimo. Anthu ambiri kuno sanatsegule okha akaunti imeneyo. Anawatsegulira mnyamata wa m'sitolo tsiku logula, mofulumira, pasiwedi n'kuinena pakamwa. Palibe anailemba. Foni imatsekeka m'manja mwa mwini wake weniweni, manambala a abale onse ali mkati mwa akaunti imene sangathe kulowamo.

Ine ndimaona kuti apa wogulitsa ali ndi ngongole kwa wogula. Kulemba imelo ndi pasiwedi pa kapepala n'kumuuza munthu kuti akasunge pamodzi ndi reji yake si ntchito ya mphindi ziwiri n'komwe.

Pomwe chidziwitso sichinafike, mphekesera zimafika.

Mitambo ikachita bii, m'nyumba zambiri akuluakulu amalamula kuti mafoni onse azimitsidwe chifukwa amaitana mphezi. Foni ya m'manja siikoka mphezi. Choopsa ndi kuima pansi pa mtengo wautali kapena pabwalo poyera, uli ndi foni kapena ulibe, komanso kugwira chipangizo cholumikizidwa ku mawaya a nyumba mphezi ikamenya pafupi. Ndiye akuluakuluwo sanaphonye kwenikweni: mvula ya ziphaliwali ikamabwera, zulani chaja pakhoma.

Mphekesera ina ndi ya nambala yakupha, yoti ukaiyankha umakomoka kapena kutuluka magazi. Nkhani imeneyi inamveka kwambiri ku Nigeria mu 2004, ndipo kuyambira pamenepo imangosintha manambala ndi chiyankhulo n'kutulukira dziko lina. Palibe njira imene kuyankha foni kungatulutsire munthu magazi. Mu 2020 kunabwera yoti 5G ndiyo ikufalitsa Covid-19, pamene m'Zambia munalibe n'komwe 5G yogulitsidwa kwa anthu: MTN inaiyambitsa mu Novembala 2022. Za khansa nazo zimabwerabwera. Kafukufuku wamkulu amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapempha, wotuluka mu 2024, anaunika maphunziro a zaka zambiri ndipo sanapeze kuti mafoni a m'manja amayambitsa khansa ya mu ubongo.

Sitiyenera kuziseka mphekesera zimenezi, chifukwa tinaona zimene uthenga wa pa foni ungachite. Kumayambiriro kwa 2020, nkhani ya anthu opopera mpweya wa poizoni m'nyumba inayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse pa WhatsApp ndi Facebook. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ambiri a iwo pongoganiziridwa. Munthu asanatumize uthenga woopsa ku gulu, ayenera kukumbukira chaka chimenecho.

Komanso si mphekesera zonse zimene zili zabodza, ndipo n'chifukwa chake zimavuta kuzizula.

Kwa zaka zambiri anthu ankanong'onezana kuti opanga mafoni amachedwetsa dala mafoni akale. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple inavomera kuti inkachepetsadi liwiro la ma iPhone ena a mabatire okalamba, ponena kuti inkafuna kuti asamazime mwadzidzidzi. Mu 2020 boma la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni chifukwa chosawauza ogula. Zakuti foni ingaphulike nazo zinachitikadi: mu 2016 Samsung inaitanitsa ndi kusiya kupanga Galaxy Note 7 mabatire ake atayamba kuyaka. Munthu wa ku Nyimba akamakayikira foni yake, si kuti ndi wotsalira. Wangosowa womuuza kuti choona n'chiti.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu amaopa nambala yakupha imene kulibe, n'kumayankha mwaulemu nambala yakuba imene ilipo.

Uthenga umabwera wakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, ina ija yavuta. Kapena wina amaimba, akudzitcha wa ku kampani ya foni, n'kunena kuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutchula pini. Kapena akuti mwapambana mphoto, kapena dzina lanu latuluka pa thandizo la boma, mungolipira kaye kandalama ka mafomu. Nthawi yogulitsa mbewu, pamene m'mafoni a alimi muli ndalama, mauthenga otere amachuluka. Akuba ake si ana osewera. Mu Epulo 2024 akuluakulu a chitetezo anathyola kampani ina ku Roma mu Lusaka, n'kugwira anthu 77 ndi ma simu opitirira 13,000, ndipo nzika 22 za ku China zinapatsidwa zilango za kundende pa mlandu umenewo.

Palibe kampani ya foni imene imafunsa pini. Palibe. Bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA linakhazikitsa *707# yoti anthu azinenezerapo manambala a akuba, ndi nambala yaulere ya 7070 ya madandaulo. Manambala awiriwa anayenera kulembedwa pa buthi iliyonse ya ndalama za pa foni kuyambira pa Kacholola mpaka pa Minga.

Nkhani ya malaputopu ndi yaifupi chifukwa eni ake ndi ochepa, koma ululu wake ndi waukulu chifukwa mtengo wake ndi waukulu.

Amene ali nawo ndi aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, ophunzira a m'makoleji, ndi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'ma memori khadi pa msika. Boma litalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022, ambiri anatumizidwa ku sukulu za kumidzi, ndipo ena mwa iwo akupitiriza maphunziro a patali, ofuna kulemba ndi kutumiza ntchito pa intaneti. Ludzu la makompyuta si lachilendo. Mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies, m'masukulu ena anadikira mpaka usiku chifukwa makompyuta anali ochepa ndipo ankachita kusinthana.

Malaputopu ambiri ofika kuno ndi a HP, Dell ndi Lenovo amene anagwira kale ntchito m'maofesi a maiko ena. Ndi olimba, koma amabwera ndi batire lotopa, moti magetsi akathima nawonso amathima pomwepo, ntchito yosasungidwa n'kupita. Kuzima kwadzidzidzi kobwerezabwereza kumawononga hadi disiki. Fumbi limatseka kafani ka mkati, makamaka laputopu ikamagwiritsidwa ntchito pa bulangete kapena pa matiresi, ndiye imatentha, imalira, imazima. Kutsegula ndi kupukuta kafaniko kamodzi pa chaka, ndi kusintha hadi disiki yakale n'kuikamo SSD, kumatsitsimutsa makina amene mwini wake anali atawalira kale.

Palinso fulashi imene imayenda kuchokera ku sukulu, kupita ku malo osindikizira mapepala pa boma, n'kubwerera itanyamula vairasi ija yobisa mafayilo n'kusiya tizithunzi tolozera chabe. Mphunzitsi amaona ngati mayeso onse amene analemba afufutika. Nthawi zambiri amakhala alipo, angobisika, ndipo amene akudziwa amawabweza. Wothamangira kufomata fulashi ndiye amawataya zenizeni.

Vuto latsopano linafika pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene Microsoft inasiya kupereka chitetezo chaulere cha nthawi zonse ku Windows 10. Laputopu siizima chifukwa cha zimenezo, ndipo aliyense wonena kuti izima akufuna kukugulitsani ina. Koma makina ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11, ndipo ndi omwewo amene maofesi a kunja akuwachotsa tsopano. Wogula laputopu yakale lero afunse kaye ngati imalola Windows 11, mtengo usanatchulidwe.

Nanga zinthu zikavuta, munthu akadandaule kuti?

Pa pepala njira zilipo. Lamulo la 2010 loteteza ogula linakhazikitsa bungwe la CCPC, ndipo limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka komanso zikwangwani zija zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. ZICTA imayang'anira makampani a netiweki ndipo yakhala ikuwalipiritsa chindapusa ntchito ikakhala yosakoma. Koma dandaulo lililonse limayamba ndi risiti, ndipo mafoni ambiri kuno amagulidwa pamanja, pa mawu okha. Wogulitsa anali pa basi. Foni ikafa pa sabata lachitatu, palibe womuloza.

Pali chinthu chimodzi chimene wogula aliyense angachite asanatulutse ndalama. Kudina *#06# kumaonetsa nambala ya IMEI, imene ndi chizindikiro cha foni imeneyo yokha. Iyenera kufanana ndi yolembedwa pa katoni. Ikasiyana, pali chimene chabisika. Nambala imeneyo ilembedwe pa risiti ndi m'kabuku kunyumba, chifukwa foni ikabedwa apolisi adzaifunsa. Foni yotchipa modabwitsa, yopanda katoni, yotsekedwa ndi pasiwedi ya munthu wina, kawirikawiri ili ndi mwini wake amene akuilira kwinakwake. Ina imakhala ya ngongole, ya mtundu uja umene umadzitseka malipiro akadumpha, ndipo wogula wachiwiri amatsala ndi galasi lozima.

Amisiri nawo ali ndi milandu yawo, ndipo anthu amaitchula mosabisa. Ena amachotsa batire labwino n'kuikamo lotha. Ena amasunga foni mwezi wathunthu akunena kuti sipeya ikuchokera ku Lusaka. Ena amatsegula zithunzi ndi mauthenga a makasitomala, makamaka a amayi ndi atsikana, ndipo ichi ndi chonyansa chimene amisiri anzawo sayenera kuchilekerera. Wosiya foni kwa mmisiri achotse simu ndi memori khadi, agwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndipo apemphe kuti chipangizo chochotsedwacho abwezeredwe m'manja.

Komabe, titanena zonsezi, tinene chilungamo. Popanda anyamata ndi atsikana a m'tuntemba amenewa, theka la mafoni a Petauke ndi Nyimba bwenzi lili m'madirowa. Malo ovomerezeka okonzera mafoni ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo ndalama ya basi yopita ndi kubwera ingapose mtengo wa foni ya mabatani. Ambiri mwa amisiriwa anaphunzira poyang'ana mnzawo, ena pa mavidiyo a YouTube usiku bando ikatsika mtengo. Amagwira ntchito yofuna maso akuthwa opanda galasi lokuzira, opanda mita yabwino yoyezera magetsi, akupuma utsi wa mtovu m'kachipinda kopanda zenera. Mabatire akufa amathera m'dzala limodzi ndi makoko a nthochi, kumene ana amatola zoseweretsa.

Ndalama zophunzitsira anthu amenewa zilipo. Kuyambira 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo lakhala likukwerabe. Gawo lina la ndalamazo ndi lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Sukulu za ntchito zamanja zilipo ku Ukwimi ndi ku Chipata. Timaphunzitsa omanga nyumba, osoka ndi okonza galimoto, ndipo n'zoyenera. Koma chipangizo chimene chili m'thumba la pafupifupi banja lililonse, chimene chanyamula ndalama za mbewu ndi uthenga wa feteleza, tachisiya m'manja mwa anthu amene palibe anawaphunzitsa kapena kuwayesa.

Maphunziro a miyezi yochepa, chitupa chopachika pakhoma la kantemba, bokosi limodzi pa msika loponyamo mabatire akufa, ndi mphindi khumi pa sabata pa wailesi za m'deralo zoyankha mafunso a anthu m'Chinsenga ndi m'Chinyanja, si zinthu zofuna msonkhano wa ku Lusaka. Khonsolo ya Petauke ndi ya Nyimba zingathe kuziyamba, ndipo pempho lake limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, kumene mmisiri, mphunzitsi ndi mlimi onse ali ndi ufulu wolankhula.